Nambala ya Rozina

Loweruka limenelo kunacha ndi mvula yowaza, ija yosagwa kwenikweni koma yonyowetsa munthu mpaka m'kati. Ndinadzuka kukadali mbuu. Ndinkamva belu la tramu, kasitima ka m'tauni, ikudutsa kumunsi kwa msewu wathu ku West Bromwich, mbalame zoyera zija zimakhala pamadenga a mafakitale zikulira, ndi mapaipi a hita yotenthetsa nyumba akugogoda m'khoma. Chikwama ndinali nditalongedza Lachinayi, koma ndinachitsegulabe n'kuonanso: jekete la mvula, wezulo, botolo la madzi, nsapato, vaselini, ndi mapini anayi omangira nambala pamalaya.

Mpikisano wothamanga unali wa mawa lake, Lamulungu, m'mapiri a kumpoto kwa Wales, mtunda wa makilomita makumi anayi ndi awiri, kukwera ndi kutsika. Lamulo lake linali lakuti wothamanga aliyense akatenge yekha nambala yake Loweruka isanakwane sikisi koloko madzulo, ndipo akaonetse chikwama chake kwa oyang'anira. Wopanda nambala sathamanga. Imelo yawo inanena zimenezi kawiri.

Nambalayo poyamba sinali yanga. Analembetsa ndi mkazi wanga Rozina. Adokotala atamupeza ndi shuga anamuuza kuti aziyenda. Anayamba kuyenda m'mbali mwa ngalande ya maboti, kenako n'kumathamanga pang'onopang'ono, mpaka Loweruka lililonse ankadzuka kukathamanga ndi azungu okalamba kupaki. Kutchalitchi ankamuseka kuti mayi wa mwana wamkulu wavala kabudula, iye n'kumaseka nawo. Kumapiriko sanafikeko. Anagwa kuntchito chaka chatha nyengo yozizira, mtsempha wa m'mutu utaphulika, ndipo patatha masiku awiri anatisiya. Nditawalembera okonza mpikisano, anandiyankha mwaulemu kuti malo ake akhoza kusungidwa chaka chimodzi chokha, ndipo ndikhoza kuwatenga ine. Ndinapempha kuti dzina losindikizidwa pansi pa nambala lisasinthidwe. Anavomera.

Ine ndinali ndisanathamangepo chichokereni kusekondale ku Dedza. Ndinayamba ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinkatsata ngalande yomwe ija mpaka pakati pa mzinda wa Birmingham n'kubwerera, ndisanapite kuntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kwathu kuno kulibe mapiri, choncho ndinkakwera ndi kutsika masitepe a nyumba yosanjikiza yoimikamo magalimoto, mpaka mlonda wake anazolowera n'kumandipatsa moni. Zikhadabo ziwiri za kuphazi zinada n'kuzuka. Ndinkavala wotchi ya Rozina, ija imawerenga kugunda kwa mtima, ndipo ukakhala pansi nthawi yaitali imanjenjemera pamkono kukukumbutsa kuti udzuke. Kuthamangako sindinkakumva kukoma. Ndinkangoona kuti tsiku limene ndathamanga, tulo timabwera.

Ndinali nditagula tikiti ya basi kuti ndipite ndekha. Koma mkulu wa mpingo wathu, a Gondwe, anailengeza nkhaniyi pa zolengeza, nati chingakhale chamanyazi kuti m'bale apite yekha atanyamula dzina la malemu. Anagwirizana zobwereka minibasi, woyendetsa akhale a Zulu, m'bale wathu wa ku Zambia amene amagwira ntchito yopereka katundu m'makomo. Mwana wanga Tadala, amene amagwira ntchito kuchipatala ku Edgbaston, anandiuza m'Chingerezi monga amachitira, kuti tikitiyo ndisaibweze chifukwa anthu anga ndimawadziwa. Ndinaibweza. Ndinaona kuti kukana kuperekezedwa kukanakhala kunyoza anthu omwe anagona pansi m'nyumba mwanga masabata awiri podikira mapepala a thupi la mkazi wanga.

Tinapangana naini koloko. Ndinaima pakhomo ndi chikwama changa kuyambira kota tu. Minibasi inafika hafu pasiti teni, a Gondwe atakhala kutsogolo ndi Baibulo pamwendo. A Zulu anatsitsa galasi n'kuti, "Mudala, musade nkhawa, ni pafupi. Maola atatu chabe tafika."

Sitinalowere kumadzulo kumene kuli Wales. Tinabwerera kum'mawa, ku Edgbaston, kukatenga mayi Chirwa, wapampando wa amayi, amene anali atangoweruka shifiti yausiku. Tinawadikira asambe. Kenako panatuluka mapoto awiri okutidwa ndi zitenje, chidebe cha thobwa ndi mipando yopinda. Chikwama changa chinachotsedwa kumbuyo kuti mapoto akwane, ndipo ndinachiika pamiyendo. Ku Smethwick tinaima pa kasitolo kena kotseka theka. Mayi Chirwa analowa, nakhalamo mphindi makumi anayi, natuluka ndi katoni yomata bwino. Nditafunsa kuti muli chiyani anati ndi za amayi. Ku Wolverhampton tinatenga banja lina ndi alongo awiri a kwaya. Titakwana anthu khumi ndi mmodzi, a Gondwe anati sitinganyamuke osapemphera, ndipo anapemphera galimoto ili pamzere wachikasu woletsa kuimika, a Zulu atatsegula diso limodzi kuyang'ana wolemba matikiti a chindapusa.

Tinalowa mumsewu waukulu wopita ku Telford hafu pasiti thwelofu. Ndinawerengera m'mutu n'kupeza kuti nthawi ikadalipo yambiri. Amayi anayamba nyimbo. Mlongo mmodzi anandipatsira mandasi, ndinakana, ndinati sabata ino ndikudya mpunga ndi nthochi basi. Anaseka kuti Rozina wandisiyira matenda ake. Wina anafunsa kuti wopambana amalandira chiyani. Nditati ine sindikapambana, ndikangolandira mendulo ngati ndamaliza, a Zulu anapukusa mutu nati kwawo munthu amathamanga chotere pokhapokha akuthamangitsidwa.

Foni ya mayi Chirwa inalira titatsala pang'ono kufika pa Telford. Anamvetsera, nyimbo inazilala yokha. Atadula anati kuli mtsikana wina, Esnart, wa ku Ntcheu, wangobwera miyezi isanu yapitayo kudzagwira ntchito yosamalira odwala m'makomo. Bambo ake anamwalira Lachinayi, sanauze munthu, wakhala akupita kuntchito. Maliro akuikidwa lero. Ali yekha m'chipinda, ndipo mnzake wokhala naye nyumba ndi amene wafunafuna nambala ya Mmalawi aliyense.

A Gondwe anatembenuka n'kundiyang'ana.

"A Mbewe, inu mukuti bwanji? Tikudutsa pakhomo penipeni."

"Nambala amatseka sikisi," ndinatero.

"Tingopepesa, mphindi makumi awiri. Ndipo tikachedwa pang'ono tikawafotokozera kuti kunali maliro. Ndi anthu, akamva."

Ndinavomera ndi mutu. A Zulu anali atayatsa kale nyali yokhotera.

Nyumbayo inali m'dera la nyumba zofanana, misewu yozungulirazungulira, moti tinadutsa pa bwalo limodzi katatu tisanaipeze. Esnart anali pansi pabalaza, atatsamira mpando, atavala yunifolomu ya kuntchito, chitenje atafunda kumutu. Foni anaiimika pa kapu. Amayi anavula nsapato n'kukhala naye pansi, ife amuna tinakhala kukhitchini chitseko chili chotsegula. Pafonipo pankaoneka mtengo wa mango, anthu atakhala pa fumbi, ndi bokosi lili pa mphasa. Amene anagwira foni kumudziko anali mlongo wake.

Mphindi makumi awiri zinatha tikupatsana moni wa pamaliro mmodzimmodzi. Kenako mayi Chirwa anabwera kukhitchini n'kunong'oneza a Gondwe kuti thupi latsala pang'ono kunyamuka, sitingamusiye mwanayu bambo ake asanalowe m'manda. A Gondwe anandiyang'ananso. Ine ndinayang'ana pansi. Pa Telford pali siteshoni ya sitima, ndinkadziwa. Ndikanatha kunyamula chikwama n'kutuluka mwakachetechete, pajatu pamaliro satsanzika. Ndinaziganiza zimenezi bwinobwino, monga munthu amaganizira za nyumba ya eni ake. Miyendo sinasunthe.

Kumudzi kunayankhula mwini mbumba. Kunayankhula woimira kumene malemu ankagwira ntchito. Netiweki inaduka, chithunzi chinaima munthu atatsegula pakamwa. Tinadikira. Itabwerera, abusa anali atangoyamba ulaliki. Amayi anatsegula mapoto a paulendo aja n'kugawa chakudya m'mbale za eni nyumba, ndipo Esnart anadya kwa nthawi yoyamba chichokereni Lachinayi. Wotchi ya Rozina inanjenjemera pamkono panga kuti ndakhalitsa. Ndinaiphimba ndi dzanja.

Netiweki itadukanso, a Gondwe anati ndipemphere ine, popeza njira imeneyi ndadutsamo. Ndinalowa pabalaza n'kugwada. Sindikukumbuka zimene ndinanena. Nditati ameni, Esnart anandigwira mkono wa jekete.

"Bambo, kodi zimatha?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Ine ndimangodzuka m'mawa n'kuvala nsapato."

Anagwedeza mutu ngati ndamuuza chinthu chanzeru. Wotchi inanjenjemeranso, iye anaimva, nachotsa dzanja.

Bokosi linatsitsidwa itangopitirira hafu pasiti firii. Tinamva dothi likugwa pa matabwa kudzera pa kafoni kaja, mawu ake ngati munthu akugogoda patali. Esnart analira, amayi analira naye. Alongo awiri a kwaya anati atsala agone komweko. Tinatuluka osatsanzika. Pamene a Zulu ankaliza galimoto inali faifi tu folo, ndipo foni yawo inkati tikafika sikisi koloko itapitirira ndi mphindi zisanu.

"Tizaibweza iyo, mudala," anatero. Nthabwala zinali zitawathera.

Tinazungulira Shrewsbury msewu uli bwino. Pafupi ndi Oswestry bambo wina wa m'banja lija, amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, anapempha kuti tiime adzithandize. Anapempha motsitsa mawu, mwamanyazi, ndipo ndine ndinauza a Zulu kuti aime. Pomwetsera mafuta panali mzere wa kuchimbudzi. Mphindi zisanu zija zinasanduka khumi ndi zisanu.

Malire a Wales tinawadutsa osadziwa. Palibe chipata, palibe wofunsa chiphaso. Tinangoona kuti zikwangwani zayamba kulembedwa m'zinenero ziwiri. A Gondwe anayesa kuwerenga chimodzi mokweza kuti anthu aseke, koma palibe anaseka. Titadutsa Llangollen msewu unachepa n'kuyamba kukhotakhota, mbali ina khoma la miyala, mbali ina chigwa. Patsogolo pathu panalowa galimoto yokoka kanyumba ka apaulendo, patsogolo pake thirakitala yonyamula udzu. Tinayenda pambuyo pawo mpaka ku Corwen. A Zulu ankasuzumira, n'kubwerera, kusuzumira, n'kubwerera. Ndinawauza kuti asapitirire pokhota, tili ndi anthu m'galimoto.

Ndinayesa kuimba nambala ya pa imelo. Inalira osayankhidwa, kenako netiweki inatha. Amayi kumbuyo ankapemphera chamumtima, ndinkangomva milomo. Mvula inakula. Nkhosa zinali mbali zonse, zopakidwa utoto pamsana. Ndinayang'ana wotchi kuti ndione nthawi, koma inandionetsa mtima: makumi asanu ndi mphambu zinayi pa mphindi, monga munthu amene ali m'tulo. Sikisi koloko inakwana tili pa mphambano ina pambuyo pa Betws-y-Coed, tikudikira nyali yofiira ya okonza msewu, popanda wokonza msewu ngakhale mmodzi.

Tinafika pa holo ya kamudzi ka m'mapiriko sikisi itapitirira ndi theka la ola. Panja anthu ovala majekete owala ankakweza matebulo m'galimoto. M'kati munatsala mayi mmodzi wa imvi, woonda ngati othamanga onse, akupinda nsalu ya patebulo. A Gondwe anandipitirira, navula chipewa, nayamba kufotokoza m'Chingerezi chawo cha paguwa. Anayambira pa Rozina, nafika pa Esnart, pa Ntcheu, pa netiweki. Ananena mawu akuti maliro kangapo, ndipo nthawi iliyonse ankaima pang'ono kudikira kuti mayiyo asinthe nkhope.

Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto. Anati pepani kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti ananena zoona. Kenako anafotokoza kuti mndandanda wa othamanga watumizidwa kale kwa gulu lopulumutsa anthu m'mapiri, oona zikwama apita, ndipo munthu amene sali pa mndandandawo sangaloledwe kukwera phiri, chifukwa akasowa palibe angadziwe kuti akumufuna. A Gondwe anafunsa ngati pali wamkulu woti ayankhule naye. Mayiyo anati wamkuluyo ndi iyeyo.

Mayi Chirwa anayamba kugwada. Ndinawagwira paphewa kuti asatero, kuno sizimveka.

Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha, ngati envelopu yanga ikadalipo. Mayiyo anatuluka, napita ku galimoto ija, nafufuza m'katoni nthawi ndithu mvula ikumugwera. Anabwera nayo. Anang'amba kachipangizo kowerengera nthawi kamene kanamatidwa kumbuyo kwa nambala, nakaika m'thumba mwake, n'kundipatsa pepalalo ndi manja awiri. Pansi pa manambala panalembedwa kuti ROZINA. Ndinafunsa ngati malowo angasungidwenso chaka china. Anati ayi, zinali kamodzi kokha, monga anandilembera. Ndinathokoza.

Tinagona m'nyumba ya alendo oyenda m'mapiri imene a Gondwe anakonzeratu, amuna chipinda chawo, amayi chawo. Palibe anandiyankhula za nkhaniyi, ndipo ine sindinaiyambe.

M'mawa ndinadzuka nthawi imene thupi linazolowera. Ndinadya nthochi ziwiri osaganiza, chifukwa ndi zimene ndinakonza kudya tsiku limeneli. Ndinavala nsapato n'kutsikira kumene amayambira. Anthu anali mazanamazana, akudumphadumpha kuti afunde, akununkha mankhwala opaka m'miyendo. Ena anali okalamba kuposa ine. Lipenga linalira, anadutsa onse, nsapato zikumveka ngati mvula pa malata, mpaka wotsiriza, mayi wina wonenepa amene ankathamanga ngati mmene Rozina ankathamangira, mapewa ali m'mwamba. Ndinamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako pamsewu panatsala makapu a mapepala.

Pobwerera ku minibasi ndinapeza katoni ya ku Smethwick ija ili pansi, yotsegula. Munali malaya oyera, ofanana onse. Kutsogolo kunali chithunzi cha Rozina atavala kabudula uja ankamuseka naye, akuseka, manja ali m'chiuno. Kumbuyo kunalembedwa kuti Malizani, a Mbewe. Anakonza zoti avale onse n'kukaima pomalizira. Mphindi makumi anayi zija tinkadikira kuti wosindikiza amalize awiri otsiriza.

Mayi Chirwa anali ataima pambali, maso atatupa. Ulendo uno sindinathe kuwaletsa, anagwada pa miyala yonyowa.

"Achimwene, takulakwirani. Takulakwirani inu ndi malemu."

A Gondwe anali kumbuyo kwawo, chipewa chili m'manja. Anati, "Ine ndi amene ndinati akamva." Sanawonjezere mawu ena, ndipo kwa munthu ngati a Gondwe chimenecho n'chachilendo.

Ndinawadzutsa mayiwo. Ndinatenga malaya amodzi, ndinatulutsa mapini anayi aja m'chikwama, n'kumangirira nambala pansi pa chithunzi, ngodya iliyonse pini yake monga ndinaphunzirira. Ndinawapinda n'kuwaika m'chikwama pamwamba pa jekete. Ndinati tiyeni tizipita, anthu mawa ali ndi mashifiti.

Njira yobwerera inali yopanda thirakitala. Nyali ya okonza msewu ija tinaipeza yobiriwira. Tadala anaimba tili ku Llangollen. Ndinamuuza mwachidule. Anafunsa m'Chichewa chake chopotoka ngati ndadya. Sananene kuti anandichenjeza.

Zikwangwani za Telford zitayamba kuoneka, ndinauza a Zulu kuti akhotere kwa Esnart. Anandiyang'ana pagalasi kuti aone ngati ndikunena zoona. Ndinati tsiku lotsatira maliro ndi limene nyumba imakhala zii, ndipo tikatengenso alongo athu aja. Ulendo uno tinaipeza nyumbayo kamodzi. Tinakhala naye ola limodzi. Wotchi inanjenjemera, ndinaisiya.

Ndinafika kunyumba kukadali kowala. Mvula inali itasiya, tramu inkadutsa. Ndinapachika malaya aja kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, pamene Rozina ankapachika ake. Sindinamve kupepuka, sindinamvenso mkwiyo umene ndinkaudikira njira yonse. Lolemba m'mawa ndinavala nsapato n'kupita kungalande, ngakhale panalibenso chokonzekera. Lamulungu lotsatira ndinakhala pa mpando wanga wa nthawi zonse, pambuyo pa a Gondwe, ndipo pa mgonero ndinalandira chikho kuchokera m'manja mwawo.

Ndinawakhululukira.